Merv Roskilly Sanali Wamisala

Merv Roskilly sanali wamisala, ndipo wofuna kunena zimenezo m'nyumba mwanga ayambe waona kumene kuli khomo. Anali wovuta, zimenezo sindikana. Anali wamwano, wouma mutu, wosayamika. Anandichotsa m'gulu lake loimba kangapo konse, nane ndinachokamo ndekha kangapo. Koma misala ayi. Ine ndine Rhonda Camilleri. Ndinamuimbira ng'oma kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zitandimera, choncho ndikudziwa chimene ndikunena.

Tonse tinabadwira ku Broken Hill, m'munsi mwa chimulu cha miyala yotayidwa ya mu mgodi. Bambo ake, a Horrie, ankakumba mtovu pansi pa nthaka. Lamlungu ankavala jekete la mabatani onyezimira n'kukaimba lipenga m'bandi ya anthu a mu mgodi. Ankafuna kuti mwana wawo adzawalowe m'malo pa zonse ziwirizo. Merv analowadi mu mgodi atangosiya sukulu, koma chaka chisanathe makina ophwanya miyala anamudula zala ziwiri za dzanja lamanzere. Ali chigonere m'chipatala, pa bedi loyandikana nalo panali mmisiri wina wochokera ku America, amene anali ndi kagalamafoni ndi zimbale za blues, nyimbo zodandaula zija za anthu akuda a kwawoko. Merv anazimvera mpaka anamwino anatopa naye. Atatuluka anagula gitala yakale. Anadula kachidutswa ka paipi ya mkuwa, n'kukaveka pa chitsa cha chala, n'kumakatereretsa pa nsambo kuti zizilira.

A Horrie atamva phokosolo kuseri kwa nyumba anatuluka ali chimanjamanja, nsapato zosamanga.

"Kodi pali galu wagundidwa ndi galimoto?"

"Ndi nyimbo, ababa."

"Nyimbo imakhala ndi poyambira ndi pothera. Chimenecho kachiimbire kumanda, akufa sadandaula."

Mpaka imfa yawo, a Horrie sanapiteko ngakhale kamodzi kukamumvera. Fumbi la mu mgodi linawadya mapapo, n'kuwasiya akutsokomola pa khonde, ndipo Merv ndi amene ankawanyamula popita nawo kosamba. Atamwalira, iye anatcha gulu lake Mapapo a Horrie. Mayi ake anakhala nthawi yaitali osamulankhula.

Ine nthawi imeneyo ndinkaimba ng'oma m'kabandi ka amalume anga, kozungulira m'maukwati. Tsiku lina masana, pa ukwati umene sanaitanidweko, Merv anabwera n'kuima pambali pa ng'oma zanga, akudya keke ya eni ake. Anandiyang'ana nyimbo yonse.

"Umaimba ngati ukupepesa," anatero. "Walakwira ndani? Mawa ubwere kwathu."

Ndinapita kuti ndikamutukwane. Ndinapeza ali ndi Stipe Baric, mwana wa mwini butchala, atakolekera gitala ya besi m'khosi. Kutukwana kuja ndinaiwala.

Nyimbo za Merv zinkayamba ngati blues, bwinobwino, munthu n'kuyamba kugwedeza mutu. Kenako pakati ankazithyola mwendo. Ankandiuza kuti ndiziimba ngati munthu amene akuyenda atavala jombo imodzi. Mawu ake anali ngati chitseko chachitsulo chikukwekwereza pa simenti, koma akafuna ankawatsitsa mpaka kunong'ona. Ankaimba za mpope wa madzi, za mayi wosesa fumbi lofiira limene likubwereranso kumbuyo kwake, za hatchi imene inakalambira pansi pa mgodi n'kuchita khungu. Tikafika pa bala, asanachite china chilichonse, ankakagunditsa khutu pa firiji ya mowa n'kumvetsera kulira kwake, kenako n'kukunga nsambo kuti zigwirizane nako. Eni mabala ankayang'anizana. Iye ankati, "Firijiyi sisiya kulira chifukwa cha ife. Ndiye bola ikhale m'gulu mwathu." Mundiuze, misala ili pati pamenepo? Ndi nzeru za munthu amene ali ndi makutu.

Mu 1976 tinasamukira ku Melbourne. Tinkakhala m'dera la St Kilda, m'nyumba zachinyontho zimene nsapato zinkamera nkhungu. Masana Merv ankakonza mafiriji, Stipe ankadula nyama kumsika, ine ndinkasoka nsapato m'fakitale. Tinajambula chimbale chimodzi m'chishedi chozizira, titavala majasi. Ogula anali ochepa. Koma panali kagulu ka anthu kamene kankatitsatira bala ndi bala, Lamlungu masana, n'kumakhala chete tikamaimba, mowa ukufunda m'manja mwawo. Merv sankawathokoza. Wina akamuuza kuti waimba bwino, ankamufunsa kuti, "Pati?" Munthu uja akachita chibwibwi, basi, wamutembenukira msana. Ndinkamukalipira chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo kuchotsedwa kwanga koyamba kunachokera pamenepo. Patapita sabata anabwera kufakitale, n'kuima pawindo, n'kukuwa kuti, "Wachedwa ku pulakatisi!"

Mu 1981 anatiitana ku pulogalamu ya pa wailesi ya kanema imene mabanja onse ankaonera Loweruka. Woyendetsa wake anali Crispin Hale, munthu wa mano oyera mbee ndi tsitsi losagwedezeka. Stipe anadumpha ngati mwana. Merv anangoti, "Amayi aonera." Anasita yekha malaya.

Ankajambula masana. Hale anabwera kudzatilonjera kuseri, n'kugwira Merv dzanja ndi manja awiri.

"Akulu, chimbale chanu chija ndimachimvera m'mawa uliwonse. Lero imbani ya pansi pa mtima, musaope."

Merv anasankha nyimbo ya imfa ya bambo ake. Ndi nyimbo yoyenda pang'onopang'ono. Ng'oma imachita ngati kupuma kwa munthu wobanika, ndipo gitala imakoka mpweya umene sukufika. Merv ankaiimba atatsinzina. Ndiye sanaone zimene ine ndinaona ndili kumbuyo kwa ng'oma. Mnyamata wa ntchito anakankhira mbuzi pa nsanja, ataiveka chipewa cha mu mgodi chokhala ndi nyali yake. Wina anakweza chikwangwani chouza anthu kuti aseke. Hale anabwera monyang'ama kumbuyo kwa Merv, atatseka makutu, akukwinya nkhope ngati wamwa mankhwala owawa. Anthu anafa nacho chikhakhali.

Merv anatsegula maso. Anaona mbuzi ija ikutafuna waya wa gitala ya Stipe. Mawu ake ananjenjemera kamodzi kokha, n'kupitiriza mpaka nyimbo inatha. Kenako Hale anamugwira dzanja lamanzere n'kulikwezera ku kamera.

"Ana inu kunyumbako, mwaona? Mukamaimba chonchi, zala zimathawa zokha!"

Ndinamugenda Hale ndi kamtengo koimbira ng'oma. Kanamupeza pa phewa. Ndinkaganiza kuti ndamuchititsa manyazi, koma zimenezonso anazionetsa Loweruka lija, kawiri, kachiwiriko mochedwetsa, anthu akuseka. Mayi ake a Merv anaonera ali ndi anansi amene anawaitanira tiyi.

Lolemba lamya inayamba kulira osalekeza. Mabala amene ankatikana tsopano ankatilimbirana. Tikafika tinkapeza modzaza, koma kagulu kathu kaja kanali katamira pakati pa anyamata oledzera amene anabwera kudzaona wamisala wa pa kanema. Merv akangogunditsa khutu pa firiji, bala yonse inkalira ngati mbuzi. "Mee! Mee! Tionetse dzanja!" Ankatigenda ndi makoko a mtedza, mapepala onyowa, nthawi zina nsapato.

Stipe ndi amene anayamba kufooka. Tsiku lina tikulongedza katundu m'galimoto anati, "Aise, bwanji tingogula mbuzi yathuyathu? Anthuwa akuseka kale. Bola aziseka ife tikudziwa."

Merv anaika pansi bokosi limene ananyamula.

"Wati chiyani?"

"Ndikungonena. Moyo wonse tizingodula nyama ndi kukonza mafiriji? Mwayi wabwera, ngakhale wabwera chammbuyo."

"Bambo anga anafa akulavula magazi m'beseni, ine nditagwira besenilo. Iwe ukuti ndiwagulire mbuzi?"

"Bambo akowo nyimbo zako ankadana nazo, Merv! Akanakhalapo akanaseka nawo!"

Ndinalowa pakati asanagwirane. Stipe anatsitsa gitala yake m'galimoto n'kuyenda wapansi, osacheuka. Chondipsetsa mtima n'chakuti onse awiri ankanena zoona.

Tinapitiriza awiri. Ndinamuchonderera Merv kuti tiyambe taleka, anthu aiwale kaye. Anakana. Ankati akawaimbira mokwanira adzamva. M'malo mofupikitsa nyimbo ankazitalikitsa, m'malo mozifewetsa ankaziumitsa. Akalira ngati mbuzi, iye ankatsitsa mawu mpaka kunong'ona, kuti wofuna kumva atontholetse mnzake. Nthawi zina zinkatheka. Ndinaonapo chimnyamata china chimene chinabwera kudzaseka chitaima kukamwa yasa, misozi ikutsika, anzake akuchikoka malaya. Koma zoterozo zinali za apo ndi apo.

Mapeto ake anafika tsiku lina lotentha mu 1983, pabwalo la hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, dzuwa lili paliwombo. Wina anaponya chitini cha mowa chosatsegula. Chinamupeza Merv pa khutu lamanzere. Anagwada, gitala ikulira yokha, magazi akutsikira m'khosi. Anthu anawomba m'manja. Ankayesa kuti ndi mbali ya sewero. Ndinakuwa kuti wina aitane ambulansi, ndipo munthu wina kutsogolo anandiyankha kuti, "Mugende ndi kamtengo, mayi!" Woponya chitini uja sanapezeke. Mwini hotela anati sanaone kanthu, n'kutifunsa ngati tingatsirize nthawi yathu.

Khutu lija linafa. Kwa miyezi yambiri Merv ankayenda mopepesuka ngati woledzera, ndipo phokoso la m'bala linkamuzunguza mutu. Anabwerera ku Broken Hill, m'nyumba ya malata ya mayi ake, n'kupitiriza kukonza mafiriji. Palibe nyuzipepala imene inalemba kuti wasiya. Hale anali atapeza kale ena owaseka.

Ine ndinatsala ku Melbourne, ndinakwatiwa, ukwati unatha, ndinabwerera kwathu ndi mwana mmodzi ndi ng'oma zanga. Tsiku lotsatira Merv anagogoda. Sanandifunse za ukwati, sanandifunse dzina la mwana. Anangoti, "Ndili ndi nyimbo zatsopano. Uzikhala mbali ya kumanja, kumene ndimamva."

Zaka pafupifupi makumi awiri tinkaimba Lamlungu masana kuseri kwa nyumba yake, pansi pa mtengo wa mandimu, omvera athu ali nkhuku za aneba. Ndikunena poyera: nyimbo zake zabwino koposa anazipeka nthawi imeneyo. Khutu limodzi lija linamuphunzitsa kusiya mipata, ndipo m'mipatamo munkakhala zinthu zimene sindidziwa kuzitchula. Tinkazijambula pa makaseti, iye n'kumaziponya m'katoni ya nsapato. Palibe amene anazifunsa. Mumsewu ana ankamulirirabe ngati mbuzi, ana amene anali asanabadwe pamene pulogalamu ija inkaonetsedwa. Anawaphunzitsa ndi makolo awo, anthu amene Merv ankawakonzera mafiriji.

Kenako mu 2004 kunabwera achinyamata awiri ochokera ku Melbourne, a ndevu zosamalidwa bwino, akulankhula monong'ona ngati alowa m'tchalitchi. Anati chimbale chathu chakale chija tsopano chikufunidwa mpaka kunja, oimba achinyamata akuchitcha chiyambi cha zonse zimene iwo amachita. Anachitulutsanso. Anthu amene kale sankatiyankha moni anayamba kulemba kuti Merv ndi katswiri amene dziko silinamumvetse, ngati dzikolo si iwo omwe. Kenako anamuitana kuti akaimbe m'holo yaikulu ya mumzinda, pa chikondwerero cha nyimbo.

"Usapite," ndinamuuza. "Anthu ake ndi omwewo, angosintha magalasi."

"M'holomo muli mipando?"

"Ilimo."

"Ndiye ndipita. Sindinaimbirepo anthu atakhala pansi, manja ali opanda chogendera."

Anagula suti yakuda. Anaimbira lamya Stipe, amene tsopano anali ndi butchala yakeyake ndi mimba yofika patali. Sanapepesane. Merv anangoti, "Ukadali ndi zala zonse?" Stipe anati, "Zoposa zako," n'kubwera.

Tsikulo masana holo inadzaza. Tinaima kuseri kwa nsalu, Merv akupukuta kapaipi kake ka mkuwa pa suti. Magetsi anazima. Chinsalu choonetserapo kanema chinatsika, ndipo okonza mwambowo, osatiuza, anaonetsa pulogalamu ija. Mbuzi, chipewa, dzanja lokwezedwa, kamtengo kanga. Anthu anaseka, kuseka kwaulemu kwa anthu ophunzira, koma kunali kuseka ndithu. Magetsi atayaka, amene anatulukira pa nsanja anali Crispin Hale, wokalamba, akuyendera ndodo, mano ake ali oyerabe.

"Abale, ndimanyadira kuti ndine ndinamutulukira munthu ameneyu," anatero. "Ena ankamuseka, koma ine ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba."

Ndinagwira Merv pa mkono. "Tiye tizipita. Galimoto ili panja."

Anachotsa dzanja langa pa mkono wake. Anatenga mpando umene unali kuseriko n'kuyenda nawo mpaka pakati pa nsanja, anthu akuwomba m'manja. Anauika pansi pa nyali yowala kwambiri. Analanda chimkuzamawu m'manja mwa Hale.

"Khalani apa, a Hale. Miyendo yanu yatopa."

Hale anaseka, n'kuyang'ana anthu, n'kukhala.

"Nyimbo mwaiona pa kanemayo," anatero Merv, "ndi ya bambo anga akufa. Anali a Horrie Roskilly, anakumba mtovu zaka zawo zonse, fumbi n'kuwapha. A Hale sanaimve bwino tsiku lija chifukwa anali atatseka makutu. Lero aimva. Akhala pomwepa mpaka ithe."

Anaiimba motalika kuposa kale lonse. Ine ndinaimba kupuma kobanika kuja mpaka mikono inachita dzanzi, ndipo Stipe ankalira poyera, misozi ikugwera pa gitala. Hale anayesa kumwetulira, kenako anayesa kuimirira, koma Merv anamuyang'ana, iye n'kukhalanso. Anthu onse aja anamuona kumwetulira kukumuthera pankhope, mpaka anangotsala nkhalamba yogwira ndodo, yoyang'ana nsapato zake. Nyimbo inatha. Kenako anthu anaimirira. Merv sanawerame. Anazula waya wa gitala n'kutuluka.

Mukuganiza kuti manyuzipepala analemba chiyani? Ina inati wamisala wa ku Broken Hill akadali wamisala, wagwira nkhalamba ukapolo pa nsanja. Ina inati linali sewero lokonzedwa mwaluso ndi awiriwo. Hale mwiniwake anauza atolankhani kuti anagwirizana zimenezo kuseri. Za nyimboyo, za momwe inaimbidwira, panalibe ngakhale mzere umodzi. Ndinamuwerengera Merv tili m'sitima yobwerera. Iye anatembenuzira khutu lakufa kwa ine n'kumayang'ana nkhosa pawindo.

Anamuitananso malo ena ambiri. Onse ankafunsa ngati angabwere ndi mpando uja. Sanapitenso kulikonse.

Matenda anamugwira mu 2011, khansa ya m'chiwindi. Ndinkapita kukamuona m'chipatala masana aliwonse. Anali atatha, khungu lachikasu, koma pakamwa pali pomwepo. Anandiuza kuti wapeka nyimbo ina, ya kwaya ya amayi okalamba ndi makina osakaniza simenti.

"Amayiwo akhale osadziwa kuimba," anatero. "Odziwa amaononga. M'makinamo uikemo miyala ya mumtsinje, osati ya mu mgodi."

"Ndikawapeza kuti amayi oterowo?"

"Yambira pa iwe."

"Galu iwe. Ukufa koma mwano osasiya?"

"Khala chete, mvera."

Anandiimbira mbali iliyonse ndi timawu totsalira, akundibwerezetsa mpaka nditaigwira. Ndikalakwitsa ankamenya chitsulo cha bedi ndi supuni. Namwino anabwera kudzatiletsa, iye n'kumufunsa ngati ali ndi agogo ake amoyo. Tsiku lomaliza tinakangana za pothera pa nyimboyo. Ine ndinkati makina azime amayi asanamalize, iye ankati ayi, amayi amalize, makina atsale akuzungulira okha. Ananditcha gonthi. Ndinamuuza kuti gonthi ndi iyeyo, dziko lonse likudziwa. Ndinatuluka nditamenyetsa chitseko. Anamwalira mawa lake m'mawa, namwino akumusintha pilo.

Abusa anakana kuti makina a simenti alowe m'tchalitchi. Anati nyumba ya Mulungu si malo a zisudzo. Choncho mwambo utatha tinatulukira poimika magalimoto, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditasonkhanitsa amayi a m'dera lathu, ena mwa iwo ali omwe aja ana awo ankamulirira Merv ngati mbuzi. Sindinawakhululukire, koma mawu awo anali oyenera. Makina tinabwereka kwa mmisiri wina womanga nyumba. Stipe anathiramo miyala n'kuwayatsa.

Amayi aja anasochera kawiri. Mphepo inawathira fumbi m'kamwa, wina chipewa chinamuulukira. Koma pakati pa nyimbo mawu awo okalamba aja anakwera pamwamba pa kugubuduka kwa miyala, ndipo anthu amene anali atayamba kulowa m'magalimoto anaima, zitseko zili chitsegukire. Pothera ndinachita momwe iye ankafunira. Amayi anamaliza, makina anatsala akuzungulira okha. Zinali bwino kuposa momwe ine ndinkanenera, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koopsa.

Makinawo anazungulira mpaka mwini wake anabwera n'kunena kuti pepani amayi, pali maziko akumudikira kutsidya kwa njanji. Tinakhuthula miyala ija pansi, tinamuthandiza kukweza makinawo pa lole, iye n'kumapita.